Uthenga Umene Ndinafufuta

Foni yanga inalira Lachiwiri m'mawa ndikutsuka mabulashi pasinki. Ndinapukuta dzanja limodzi pa epuloni n'kuwerenga. Anali anthu a ku rezidensi, nyumba ija ya kunja kwa dziko imene chaka chilichonse imaitana aluso awiri kuti akakhaleko miyezi isanu ndi umodzi, akudya, kugona ndi kugwira ntchito yawo popanda wowasokoneza. Ankati munthu amene anamusankha poyamba sanayankhe mpaka tsiku lomaliza ladutsa, choncho malo akewo akundipatsa ine, amene ndinali wotsatira pamndandanda.

Madzi ankangotayika. Munthu wosayankhayo ndinkamudziwa. Anali pomwepo, kuseri kwa katani ya ziguduli imene imalekanitsa ngodya yanga ndi yake, akukanya dongo uku akuimba mluzu. Ndinkadziwanso chifukwa chimene sanayankhire.

M'situdiyo mwathu timagwiramo ntchito anthu anayi, m'nyumba imene kale inali yosungiramo katundu. Sinki ndi imodzi, ketulo ndi imodzi, kompyuta ndi imodzinso, patebulo la amayi oyang'anira malowo, amene tonse timawatchula kuti Mayi Makiyi. Ine ndimajambula ndi penti. Mwini mluzu uja amaumba, ndipo dzina lake lenileni tinaliiwala kalekale, timangoti Dongo. Foni yake ndi ya mabatani, choncho makalata ake onse amafikira pakompyuta ya situdiyo. Iye ndi ine timatchulana kuti neba, ngakhale patha chaka tsopano chiyambire kukondana.

Masiku asanu ndi atatu m'mbuyomo ndinafika woyamba m'mawa n'kuyatsa kompyutayo. Uthenga unali pamwamba penipeni: Dongo wasankhidwa, ayankhe pasanathe sabata. Ndinasangalala, Mulungu ndi mboni, mpaka ndinaomba m'manja ndili ndekha. Kenako maso anatsikira padzina la mnzake wosankhidwa naye. Anali Fulashi, mtsikana wa kamera wa ngodya ya kuwindo, amene anali chibwenzi cha Dongo ine ndisanabwere. Miyezi isanu ndi umodzi, denga limodzi, kudziko kumene sadziwako munthu wina aliyense. Ndinafufuta uthengawo. Ndinalowanso mmene mumagwera zofufutidwa n'kuuchotsa kachiwiri. Kenako ndinatereka ketulo ngati munthu wabwino.

Zoti wotsatira pamndandanda ndinali ine sindinkazidziwa. Koma ndani angakhulupirire zimenezo?

"Neba, madziwo ukufuna tisambiremo?" anatero Dongo akusuzumira pakatani. "Nanga nkhope bwanji, ngati wameza ntchentche?"

Ndinachedwa kubisa foni. Anaitenga ndi nsonga za zala kuopa kuipaka dongo, n'kuwerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera. Ndinaona nkhope yake ikugwa kamphindi kochepa, iye n'kuitola msanga.

"Akutenga iwe," anatero. "Neba, akutenga iwe."

Anandinyamula n'kuzungulira nane, manja ake akusiya zidindo kumsana kwa bulauzi yanga. Madala osema ziboliboli a ngodya ya kukhomo anasiya sompho n'kubwera kudzandigwira chanza.

"Koma chitsiru chimenechi ndi chakuti, chosayankha mwayi ngati umenewu?" anatero Dongo akuseka. "Kulikonse kumene chili, Mulungu achiwonjezere tulo."

Ndinaseka nawo.

*

Masana tinakhala pakakhoma ka kuseri, pafupi ndi ng'anjo yake yaing'ono ya njerwa imene imang'alula theka la zinthu zimene amaikamo. Anagula mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi, akuti tisangalale.

"Usandiyang'ane choncho," anatero. "Sindinakhumudwe ayi. Pang'ono chabe. Chimene chikundiwawa n'chakuti sanandiyankhe n'komwe. Bola akanalemba kuti ayi, munthu umadziwa poima. Mayi Makiyi ndawatopetsa, tsiku lililonse kufunsa ngati kwabwera kanthu."

"Mwina chaka chamawa."

"Mwina. Akuti ng'anjo yawo munthu umalowamo choimirira. Ukakafika ukaijambule, unditumizire. Ukajambule ndi mkati momwe."

Ndinagwedeza mutu ndikuyang'ana botolo.

"Ndili ndi nkhani ina," anatero akundigwira chala chaching'ono. "Ndalankhula ndi achemwali. Avomera kuti akuone Lamlungu."

Achemwali akewo ndi amene anamulera makolo awo atamwalira. Ali ndi shopu ya nsalu pafupi ndi depoti, ndipo kwa chaka chathunthu akhala akukana kundiona. Ankati mwana wa kumpanda, wa kwa opeza bwino ngati ine, ndikungomuseweretsa mlongo wawo, ndipo tsiku lina ndidzamutaya ngati chikho chong'aluka.

"Unawauza chiyani kuti avomere?"

"Ndinawauza kuti sunandinamizepo chiyambire. Iwo amadana ndi bodza kuposa njoka."

Pakamwa panga panatseguka. Mawu anafika mpaka pamano. Koma anali akumwetulira, dongo litaumira pachikope, ndipo ndinadziuza kuti ndimuuza mawa.

*

Amayi anamva nkhaniyi ali pakhonde akusita yunifolomu ya kwaya. Anaimika simbi n'kukweza manja kumwamba.

"Bambo ako akanakhalapo lero akanavina ndi ndodo yawo ija. Ndimadziwa ine kuti mapenti akowa tsiku lina adzatitulutsa m'manyazi." Anandikumbatira, kenako anandikankhira patali pang'ono kuti andione kumaso. "Nanga woumba miphika uja? Sanamutenge?"

"Saumba miphika, amayi. Amaumba ziboliboli."

"Dongo ndi dongo, mwanawe. Sanamutenge?"

"Ayi."

"Waona? Anthu akunja sadziwa nkhope ya munthu, amangoona ntchito. Akusefera okha. Ine ndakhala ndikukuuza, koma mawu a mayi amakoma akalankhula mlendo. Miyezi isanu ndi umodzi ndi yokwanira kuti maso ako atseguke."

"Amayi, iyeyo ntchito yake ndi yabwino kuposa yanga."

"Ndiye bwanji atenga iwe?"

Ndinalowa kuchipinda. Kunja ndinawamva akuimbira foni azakhali, kenako amalume, kenako amayi a kwaya mmodzimmodzi, ndipo kwa aliyense nkhani inkakulirakulira. Pofika kwa wachisanu ndinali nditapambana aluso a dziko lonse.

*

Lachitatu ndisanatuluke m'nyumba, uthenga unalowa. Unali wa Fulashi, amene sabata yonse anali kutali kokajambula ukwati wa abale ake.

"Zabwino zonse, mnzanga wa paulendo. Ndamva."

"Zikomo," ndinayankha.

"Ubwereko msanga lero. Ndikufuna tionane anthu asanafike."

Ndinamupeza atakhala patebulo la Mayi Makiyi, miyendo ikulendewera, kamera ili pamiyendo. Ndi wokongola mopweteka mtima, ndipo amadziwa. Sanandipatse moni.

"Wanga uthenga unabwera pafoni yanga," anatero. "Munali maina awiri. Langa ndi la Dongo."

Ndinaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Nditamva kuti sanayankhe ndinangoti wakana dala chifukwa cha iwe. Ndinati kaya, chikondi chimapusitsa. Koma madala andiuza pafoni kuti munthuyo akudandaula kuti sanamuyankhe n'komwe. Ndiye ndikudzifunsa, uthenga ungasochere bwanji m'kompyuta imene timaigwira anthu asanu okha? Madala sadziwa ngakhale poyatsira. Ine kunalibe. Mayi Makiyi akanauona akanaimba nthungululu."

"Ukufuna kunena chiyani?"

"Sindikunena kanthu. Ndalembera anthu a ku rezidensi dzulo. Ayankha kuti ngati situdiyo itsimikize kuti uthenga sunamufike, ndipo vuto silinali lake, amubwezera malo ake. Mayi Makiyi ndawatumizira yankholo. Akufuna tonse tikumane lero 2 koloko."

"Ukuchita zimenezi chifukwa ukumufunabe."

Anaseka pang'ono n'kutsika patebulo.

"Mwina. Mwina ayi. Ndinamusiya ndekha, ndipo masiku ena ndimanong'oneza bondo, sindikubisira. Koma ine pa zaka ziwiri zimene ndinali naye sindinamuthyolepo miyendo kuti asandithawe."

Anapita kungodya yake n'kuyamba kupukuta magalasi a kamera. Ndinafuna kumuda, koma zimene ananenazo zinalibe potsutsira.

*

Dongo anafika cha m'ma 10 koloko ndi thumba la dongo paphewa. Ndinamutsatira kuseri kumene amaviika. Anali atagwada pabeseni, manja ali m'matope mpaka m'zigongono.

"Neba, ndikufuna ndikuuze kanthu. Usandidule mpaka nditamaliza."

"Ngati ndi za Lamlungu, usaope. Achemwali amangouwa, saluma."

"Munthu amene sanayankhe uja ndiwe."

Manja anaima m'beseni.

Ndinamuuza zonse. Tsiku lake, nthawi yake, dzina la Fulashi, kufufuta koyamba ndi kwachiwiri. Ndinamuuza kuti sindinkadziwa zoti malowo agwera ine. Mawu amenewo atangotuluka ndinamva ndekha kupepuka kwake. Iye sanandiyang'ane. Ankayang'ana madzi amatope akudontha kuzala zake.

"Linali Lolemba," anatero.

"Eya."

"Lolemba lija ndinafika n'kufunsa ngati kwabwera kanthu. Unali pomwepo. Unandipangira tiyi."

"Eya."

"Lachiwiri ndinafunsanso. Lachitatu unandiuza kuti ndisataye mtima, anthu akunja amachedwa."

"Ndinkaopa, neba. Ndinkaopa kuti ukakhala naye kumeneko..."

"Ukanandifunsa." Mawu ake anali otsika kwambiri moti ndinachita kuwerama kuti ndimve. "Ukanandionetsa n'kunena kuti neba, ndikuopa. Mwina ndikanakana ndekha. Mwina ndikanapita n'kumakuimbira mpaka kukutopetsa. Sindikudziwa. Koma ndikanasankha ine."

"Ndikhululukire."

"Dzulo ndinadzitukwana ndekha pamaso pa madala, iwe n'kumaseka nawo."

Ndinalira. Sanandigwire, sanandithamangitsenso. Anabweza manja m'beseni n'kupitiriza kufinya dongo, ndipo ndinaima pambali pake mpaka miyendo inachita dzanzi.

*

Mayi Makiyi ndi munthu wamfupi, wa magalasi a chingwe, amene sakweza mawu. Anatikhazika pamipando ya pulasitiki mozungulira tebulo lawo.

"Malamulo a nyumba ino ndi atatu okha, ndipo nonse munasaina," anatero. "Kutsuka sinki, kutseka mawindo, ndi kusagwira cha mnzako, kaya ndi ntchito yake, kaya ndi kalata yake. Wophwanya lachitatulo amasiya kiyi. Tsono anthu aja akufuna ndiwalembere lero. Ndisanalembe ndikufuna kumva kuchokera kwa mwiniwake. Dongo, uthenga unauona?"

Dongo anali atasamba m'manja, koma m'zikhadabo munali mukadali moderapo. Ankaziyang'ana.

"Ndinauona," anatero.

Fulashi anatembenuka mwamphamvu.

"Ndinauona, ndipo ndinaufufuta ndekha. Ndinachita mantha ndi ulendo. Kenako ndinachita manyazi kunena, ndiye ndinkangonamizira kufunsa."

"Ukudziwa kuti ndikalemba zimenezo malo ako apita?" anafunsa Mayi Makiyi.

"Ndikudziwa."

"Bodza limenelo," anatero Fulashi. "Munthu uyu sadziwa n'komwe kumene zofufutidwa zimapita."

"Mwana iwe, sindinakufunse," anatero Mayi Makiyi. Anavala magalasi n'kukokera kompyuta pafupi.

Ndikanangokhala chete, nkhani inali itatha. Malo anali anga, kiyi inali yanga, amayi akanapitiriza kuimba mafoni awo. Ndinayang'ana Dongo kuti mwina andiyang'ana, koma maso ake anali pakhoma. Sankandipulumutsa ngati munthu amene wakhululuka. Ankachita ngati munthu amene akupereka chinthu chomaliza kuti asadzakhalenso ndi chokambirana nane.

"Musalembe, mayi," ndinatero. "Ndinafufuta ndine. Lolemba m'mawa, inu musanafike. Iyeyu wazidziwa lero lomwe."

Madala anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Mayi Makiyi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Unabwera muno ndi mabulashi atatu m'jumbo," anatero. "Ndinakupatsa ngodya ya kuwala kwabwino chifukwa ndinaona kanthu mwa iwe. Ndikukaonabe. Koma lamulo ndikalipinda lero, mawa palibe adzasiye kalata yake patebulo ili."

Ndinamasula kiyi pakachingwe ka chikwama changa. Inatenga nthawi kuti ituluke. Palibe amene anandithandiza. Nditaiika patebulo, Mayi Makiyi anayamba kulemba, ndipo yankho linabwera tisanabalalike. Malo abwerera kwa Dongo. Anyamuka pakatha masabata atatu, pamodzi ndi Fulashi.

*

Ndinalongedza zithunzi zanga ndekha. Zina zinali zisanaume, ndipo ndinaziyala mapepala pakati. Nditatuluka kukaimika galimoto ya hayala, ndinapeza Dongo atanyamula kale thabwa langa lojambulirapo. Anakweza katundu yense, kusamala ngodya iliyonse ngati mazira.

"Bwanji unanama?" ndinamufunsa atatseka buti.

"Sindikudziwa. Sindinafune kukuona ukumasula kiyi ija."

"Upita?"

"Ndipita."

"Nanga ife?"

Anapukuta manja pathalauza, ngakhale anali oyera.

"Usandifunse lero. Ndikayankha lero ndiyankha zoipa. Achemwali sindiwauza zimenezi. Akazimva, ngakhale ine nditafuna kubwerera kwa iwe, khomo lidzakhala lotseka. Lamlungu ubwere monga tinapangana. Zinazo tidzaona."

Kanali kachingwe kowonda, koma ndinakagwira ndi manja awiri. Pawindo la situdiyo Fulashi anali ataima, kamera ili pachifuwa, akutiyang'ana. Sanamwetulire.

*

Dzuwa linali likadalipo pamene galimoto inaima pageti pathu. Amayi anatuluka atavala diresi yawo ya kutchalitchi ndi nsapato zazitali, thukuta lili pamphumi ngati munthu amene wangofika kumene. Ataona zithunzi zikutsitsidwa anaomba m'manja.

"Wayamba kale kusamuka? Ndi bwino, zinthu zako zisakhale kwa anthu."

"Amayi, khalani pansi. Pali zimene ndikufuna ndikuuzeni."

"Inenso ndili nazo. Ndayenda lero, miyendo ikuchita kuwawa." Anakhala pampando wa pakhonde n'kuvula nsapato imodzi. "Ndinapita kudepoti, kushopu ya nsalu ija."

Chithunzi chimene ndinanyamula chinatsetsereka m'manja mpaka pansi.

"Mwakatani kumeneko?"

"Kukalankhula ngati akuluakulu. Ndamuuza mayi uja bwinobwino, makasitomala ake akumva, kuti mwana wanga wasankhidwa ndipo mlongo wake wakanidwa, ndiye aliyense adziwe msinkhu wake. Ndati amuuze mnyamatayo akusiye upite ndi mtima umodzi, asamakulemberenso." Anasisita chidendene. "Anafuna kuyankha, koma ndinamuonetsa uthenga uja unanditumizira. Kenako anatseka shopu nthawi yoweruka isanakwane, akuti akupita kusitudiyo kwanuko akamve yekha chifukwa chimene mlongo wake anakanidwira."

"Nthawi yanji?"

"Posachedwapa. Mwina mwasemphana panjira. Nanga iwe umati undiuze chiyani?"

Foni inayamba kulira m'chikwama. Ndinaitulutsa. Nambala inali yachilendo, koma pansi pake panali kale uthenga wochokera ku nambala yomweyo, wa mizere iwiri.

"Ndine mchemwali wake wa amene mumamuti Dongo. Ndili pano ndi mtsikana wa kamera, wandifotokozera zonse. Yankha foni."

Amayi anasuzumira paphewa panga.

"Ndani ameneyo? Ngati ndi anthu akunja aja, yankha msanga, usawadikiritse."